Kaphokoso ka m'nyumba ya Dominic

Loweruka lapitali ndinatsala pang'ono kuthetsa banja la mwana wa mlongo wanga. Ndikanalithetsa mwaulemu ndithu, nditavala jekete, ndi pemphero poyamba ndi pomaliza.

Mwanayo ndi Dominic. Ine ndine malume wake, choncho pa nkhani za banja lake nkhoswe ndine. Ali ndi chigayo m'mbali mwa msewu wa ku Kasisi, ndipo chaka chatha anakwatira Veronica, mtsikana wa ku Palabana, wofatsa moti ukamupatsa moni umachita kuwerama kuti umve yankho. Pa ukwati wawo ndinavina mpaka bondo linatupa. Nyimbo za kwaya tsiku limenelo ndinajambula ndine, poti ndiyo ntchito imene imandidyetsa. Ndimayenda m'matchalitchi ndi makina anga kujambula makwaya.

Pakati pa sabata mlongo wanga wamkulu, amake Dominic, anandiimbira foni. Iwowa moni amauona ngati kuwononga tokotaimu.

"Ubwele pa Chiwelu. Mkazi wa Domi ayamba kumvela vinthu."

"Vinthu va bwanji, ba sisi?"

"Chongo. Akamba ati mu nyumba muli chinthu chilila, chimulasa mu makutu. Ine nangena, naimilila pakati, zii. Domi naye samvela. Manje akana kunkhala mu nyumba, ankhala chabe ku kicheni ya panja monga mlendo. Na galu aleka kufika pa khonde. Galu aziba, iwe."

Ndinawafunsa chimene akuganiza. Anali ataganiza kale, ndipo maganizo ake anali awiri okha. Mwina mtsikanayo wagwidwa ndi mashabe, ndiye apite naye kwa mneneri wina wa kuphiri akamupempherere, abambo a parishi asadziwe. Apo ayi akunama, watopa nalo banja ndipo akusaka pothawira, ndiye abwerere kwawo ku Palabana akapumuleko.

Inu amene munakhalapo pa milandu ya maukwati mukudziwa. Mkazi amene wapita kukapumula, nthawi zambiri amapumula mpaka kalekale.

Loweruka m'mawa, Chiwelu chimene ananenacho, ndinafika. Makina anga anali m'galimoto chifukwa madzulo ake ndinali ndi kwaya ina yoti ndijambule. Ndinapeza amake Dominic atakhala kale pampando waukulu, botolo la madzi odalitsidwa lili pamwendo. Kuchikazi kunabwera a Tereza, azakhali ake a Veronica, mayi wamtali wosakonda zoseka. Kuti pakhale munthu wapakati tinaitana a Mwale, mkulu wa kumpingo, amene akhala akuyanjanitsa mabanja kuyambira ine ndikuvala kabudula. Wamng'ono pa tonsefe ndinali ine, ndipo inenso tsitsi linayamba kale kuchoka kumutu n'kusamukira m'makutu.

Chinthu choyamba chimene tinachita, monga mwa mwambo, chinali kuthamangitsa ana. Nkhani za banja samvera ana. Azichemwali ake a Dominic, adzukulu, ana a aneba amene anabwera kudzaona galimoto, onse tinawauza kuti apite kutali ndipo asayerekeze kusuzumira. Pabwalo panangotsala imvi zokhazokha ndi eni mlandu awiri. Ndinaona kuti tayamba bwino kwambiri.

A Mwale anapemphera. Atatha anati popeza mlandu ndi wa phokoso, tiyambe tamva phokosolo. Nzeru yabwino, si choncho?

Tinalowa m'chipinda chochezera n'kuimirira pakati. Veronica anakana kulowa, anagwada pakhomo atatseka khutu limodzi ndi chitenje. Ife tinapendeketsa mitu ngati nkhuku zoona kabawi, wina kuyang'ana kudenga, wina pansi pa sofa.

"Tinkhale chete manje," ndinatero ine.

"Mwati chani?" anafunsa a Mwale.

"Nati tinkhale chete!"

"Eee, ni chete zoona. Kulibe chongo muno."

Umboni woyamba unali umenewo, ndipo unachokera kwa munthu amene kutchalitchi amakhala pansi penipeni pa sipika n'kumadandaulabe kuti owerenga a masiku ano amanong'ona. Amake Dominic anavomereza. Ine ndinatchera khutu mwaukatswiri, monga munthu wa ntchito ya mawu, ndipo ndinamva mimba yanga yokha. Nthawi yomweyo ndege inadutsa pamwamba ikupita kukatera, malata onse n'kunjenjemera.

"Mwaona?" anatero amake Dominic. "Ndeke ipita pamutu, sadandaula. Manje chamene kulibe ndiye chimuvuta?"

Tinabwerera panja pamthunzi. Tsono paja mpongozi salankhula maso ndi maso ndi apongozi ake pa bwalo lotere. Veronica ankanong'oneza a Tereza, a Tereza n'kutiuza ife. Ndinaona kuti mtsikanayo akanong'ona mawu ambirimbiri, kwa ife ankafika atatu kapena anayi. Ena onse ankathera m'khosi mwa azakhali, amene ankasankha okhawo oyenera kumveka pamaso pa akuluakulu.

"Akamba ati ali na umboni," anatero a Tereza. "Anajambula pa foni, ananitumila. Ine sininamvele bwino ku nyumba chifukwa cha bana. Timvele tonse."

Anaika foni pa mpando, natsegula uthenga wa mawu uja mpaka kumapeto kwa voliyumu. Tinaunjikana. Munamveka munthu akupuma. Munamveka tambala patali. Kenaka mawu a Veronica, otsika, onjenjemera: "Ba anti, mwamvela? Ni ichi. Mwamvela?" Pambuyo pake munamvekanso tambala uja, basi.

Anabwereza. Tambala yemweyo.

Apa nkhani inaleka kuseketsa. A Tereza, munthu amene anabwera kudzaimira mwana wawo, anaika foni m'chikwama pang'onopang'ono, nati, "Mwana wanga, na ine sinimvela." Veronica anayang'ana mwamuna wake. Dominic anayang'ana nsapato zake, zimene zinali zoyera ndi ufa. Ndinamva chisoni, koma ndisakunamizeni, mumtima ndinali nditayamba kale kukonza mawu abwino onenera kuti akapumuleko.

Amene anapulumutsa banjali ndi a Mwale, mosadziwa. Iwo anali atatsimikiza kale kuti ndi chiwanda, ndipo ankafuna kudziwa mtundu wake, poti ati ziwanda zili ndi nthawi zake. Anafunsa kuti chimalira nthawi yanji. Veronica ananong'ona, a Tereza n'kumasulira.

"Ati chilila nthawi zonse. Koma malaiti akayenda, chileka."

"Na akabwela?"

"Ati chiyambanso."

Amake Dominic anaomba m'manja. "Nakuuzani! Ni chibanda cha mu tauni ichi, chiziba na pulogalamu ya malaiti!"

Ndinaseka. Ndili pakati pa kuseka, phwete linandithera. Chiwanda chanji chodikira magetsi? Ife tomwe pulogalamu ya magetsi sitiidziwa, eni ake a magetsiwo ndikukayika ngati amaidziwa, ndiye chiwanda chikaitenga kuti?

Ndiloleni ndikutengereni ku ntchito kwanga pang'ono, chifukwa zimene zinandibwerera m'mutu nthawi imeneyo ndi zimene ndimagwira tsiku ndi tsiku.

Phokoso lililonse ndi mpweya umene ukunjenjemera. Ukamanjenjemera pang'onopang'ono timamva mawu aakulu, a besi, ngati a ng'oma. Ukamanjenjemera mofulumira timamva mawu aang'ono, osongoka, ngati a udzudzu. Khutu la mwana wathanzi limayamba kumva pamene mpweya ukunjenjemera ka 20 pa sekondi imodzi, n'kukalekezera cha m'ma 20,000. Kupitirira apo ndi dziko la agalu, amphaka ndi mileme.

Koma 20,000 ameneyo si wamuyaya. Zaka zikamapita, khutu limayamba kutaya mawu a pamwambawo mwakachetechete, osatsanzika. Palibe tsiku limene umadzuka n'kunena kuti lero ndataya chakuti. Umangoona kuti nkhululu za masiku ano sizilira ngati za kale, ndipo umaimba mlandu nkhululu. Phokoso lalikulu nalonso limadya khutu msanga. Munthu amene amakhala m'chigayo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, wosatseka makutu, akhoza kukhala ndi ndevu za mnyamata koma makutu a agogo ake. Ndiye Dominic wathuyo.

Nanga foni ija? Foni ilibe zaka, ilibe chigayo. Inalephera bwanji?

Apa ndi pamene anthu ambiri timanamizika. Timaganiza kuti makina amameza phokoso lonse mmene lilili. Ayi, amachita kulitapa. Amatapa pang'ono, n'kutapanso, n'kutapanso, kambirimbiri pa sekondi iliyonse, ndipo pobweza amalumikiza zimene anatapazo. Zili ngati munthu wa dimba. Ngati mumakasuzumira m'mawa ndi madzulo okha, mudzalumbira pamaso pa aliyense kuti mbuzi za aneba sizilowamo, chonsecho zimalowa masana n'kutuluka zitakhuta. Chinthu chothamanga chimafuna kuchisuzumira pafupipafupi.

Lamulo lake ndi lakuti makina azitapa mopitirira kawiri pa kunjenjemera kulikonse kumene mukufuna kugwira. N'chifukwa chake nyimbo za pa sidi amazitapa ka 44,100 pa sekondi. Theka lake ndi 22,050, kungodutsa pang'ono pamene khutu la munthu limalekezera. Sanangoitola panjira nambala imeneyi, anayeza ndi khutu lathu lomweli. Koma mauthenga a mawu a pa foni sawapangira nyimbo. Amawapangira kuti mumve zoti mugule tomato pobwera, ndipo asakudyereni mabandulo. Ambiri amatapa mochepa, ena ka 16,000 kokha, kutanthauza kuti chilichonse chopitirira 8,000 chimasefedwa n'kutayidwa chisanalowe n'komwe. Tambala amakwanamo. Kulira kwa mkazi kumakwanamo. Kaphokoso kosongoka kwambiri kamatsala panja.

Mwachidule, Veronica anaitana mboni ina yogontha, ndipo ife tinaikhulupirira chifukwa inali ndi batire.

Ndinapempha bwalo kuti lindidikire, n'kupita ku galimoto. Ndinabwera ndi chojambulira changa, chimene chimatapa ka 48,000, pamodzi ndi laputopu ndi sipika ya kwaya. Amake Dominic anandiyang'ana ndi diso lija ankandiyang'ana nalo ndili mwana ndikabwera ndi chule m'thumba.

"Manje ufuna kuimbisa chibanda?"

"Nifuna chabe kuchijambula, ba sisi."

"Uchijambule, koma osati uchitenge ku nyumba kwako. Mlamu wanga ali na bipi."

Ndinaika maikolofoni pakati pa chipinda kwa kanthawi, ndikumva zii yemweyo. Kenaka ndinatsegula pa laputopu chithunzi chimene chimaonetsa mawu, a besi pansi, osongoka pamwamba. Pansi panali zinthu wamba, mphepo, nkhuku, a Mwale akutsokomola panja. Koma pamwamba penipeni, cha m'ma 17,000, panali kamzere kowongoka bwinobwino, kosaduka, kuchokera koyambirira mpaka kumapeto. Ndinakaona ndi maso angawa. Makutu anga ankapitirizabe kulumbira kuti kulibe kanthu.

Ndinawaonetsa akuluakulu. A Mwale anavala magalasi, nayang'anitsitsa, nati laputopu yanga yang'ambika galasi. Ndinazindikira kuti kamzere sikangapulumutse banja la munthu.

Ndiye ndinachita zimene aliyense wa msinkhu wathu amazidziwa. Mukukumbuka wailesi ya kaseti ikamatha mabatire, mmene mawu a mtsikana woimba ankasandukira a bambo wonenepa? Mawu ukawachedwetsa amatsika. Ndinachedwetsa chojambulacho kanayi, kuti kaphokoso kaja katsike kufika m'dera limene makutu okalamba akadali ndi ulamuliro, n'kukweza sipika.

Abale inu.

Chinalira chinthu. Tswiii, mosalekeza, mobaya mpaka m'mano. A Tereza anafuula dzina la Amayi Maria n'kugwira kolona mozondotsa. A Mwale, amene anamva bwinobwino kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, anapezeka ali kuseri kwa galimoto yanga, chipewa chitatsala pampando, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti mawondo amenewo anawabwereka kwa ndani. Amake Dominic anatsegula botolo lija n'kuyamba kuwaza. Madzi amene anakonzera mpongozi anathera pa sipika ya kwaya, ine nditafungatira laputopu m'jekete ngati khanda.

"Zimya! Zimya, iwe! Wachiusha!"

Ndinazimitsa. Kunja kunangoti zii, kupatula galu amene ankauwa ali kutali, kumunda.

"Ichi chamene mwamvela," ndinatero, "ndiye chamene mwana uyu amvela mu nyumba muno usiku na muzuba. Kusiyana kwake, iye alibe pozimya."

Ndinapempha a Tereza kuti amuuze Veronica atilondolere kumene chikuchokera. Mtsikanayo anaimirira, nalowa m'nyumba atakwinya nkhope, akutembenuza mutu uku ndi uku. Ife tinamutsatira pamzere, a Mwale ali kumapeto kwenikweni. Anadutsa pochezera, nadutsa chipinda chogona, nakaima pa kachipinda kosungiramo katundu. M'menemo munali matumba a chimanga a amake Dominic, amene anawasamutsira kwa mwana wawo atakolola poopa akuba. Veronica analoza kuseri kwa matumba.

Dominic anasuntha thumba limodzi, nasunthanso lina. Pa soketi ya pakhoma panali kachinthu koyera, kofanana ndi sopo wosambira, kali ndi kagetsi kofiira. Pamwamba pake panali zitosi za makoswe, zatsopano, zosonyeza kuti eni ake amakhalapo momasuka, mwinanso amaothapo.

"Aa," anatero amake Dominic. "Ako ni kanga."

Tonse tinatembenuka.

"Ni ka makoswe. Ninagula mu tauni. Koma sikalila! Wogulisa anakamba ati bantu sibamvela, ni makoswe chabe." Anaima kaye, akuganiza, kenaka nkhope inawala. "Manje uyu amvela bwanji? Ni vamene nikamba ine, uyu mwana sali bwino!"

Mlongo wanga ndimamukonda, anandibereka kumsana ndili mwana. Koma akanakhala loya, ndende zikanadzaza ndi mboni.

Ndinawafotokozera kuti wogulitsayo ankanena za anthu a makutu ngati athu, ndipo mwina nayenso ndi mnzathu wa imvi. Ndikulankhula choncho, Dominic anazula kachinthu kaja. Veronica anali atafulatira, sanaone, koma mapewa ake anatsika nthawi yomweyo, natulutsa mpweya wautali ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

Pambuyo pake tinamva kuti ana aja tinawathamangitsa anali atasiya kale kudzaonera TV m'nyumbamo, ati kwa ba Domi kumawawitsa mutu. Palibe anawafunsa. Pakhomo ponse panali makutu ambirimbiri otha kumva kaphokosoko, ndipo ife, mwanzeru zathu, tinayamba ndi kuwapirikitsa onse kuti tifufuze bwino.

Ndakhala ndikuziganizira sabata yonseyi, ndipo zikundikwiyitsa kuposa mmene zikundiseketsera.

Sindikunena kuti mwambo wa unkhoswe ndi woipa. Ndimaukonda, ndipo nthutumba ya nkhuku imene amandipatsa pamapeto sindinaikanepo. Mabanja ambiri alipo lero chifukwa akuluakulu anakhala pansi. Koma taonani mmene timafufuzira zoona. Wina wamng'ono akati pali vuto, ife timafunsana tokhatokha. A Mwale, mwamva? Sindinamve. Amake uje, mwamva? Sindinamve. Ndiye kuti kulibe. Kusamva kwathu timakusandutsa umboni, ndipo tikachuluka osamvafe timati nkhani yatsimikizika.

Si m'mabanja mokha. Pitani ku msonkhano wa mjigo, wa sukulu, wa kumpingo. Kutsogolo kumakhala ife. Amene amatunga madziwo, amene amakhala m'kalasimo, ali panja kapena ali kumbuyo, ndipo mawu awo amafika kwa ife atadutsa m'makosi awiri atatu, aliyense akuchotsako zimene akuona kuti n'zosongoka. Pofika kutsogolo patsala tambala yekha. Kenaka wapampando amafunsa ngati pali dandaulo lina, n'kutseka ndi pemphero.

Ndipo musaganize kuti mankhwala ake ndi kugula makina a nambala yaikulu. Ndili ndi aphunzitsi a makwaya amene amabwera kwa ine atamva kwinakwake kuti kuli kujambula kwa 192,000, ndipo amafuna komweko basi, chifukwa kwaya ya parishi yoyandikana nayo isawapose. Ndimawauza kuti zimenezo n'zothandiza mwina kwa mileme, ndipo mileme sigula nyimbo. Samva. Munthu akufuna makina ogwira mawu amene palibe Mkhristu adzawamve, chonsecho amayi a alto akhala akuphonya nyimbo yomweyo kuyambira Pasaka ndipo iye sanazindikire. Makina anga sanachite chozizwitsa Loweruka lija. Anangobwereza zimene munthu wamoyo anali atanena kale, mwaulere, atagwada.

Pajatu tinali tisanamalize.

Titabwerera pamthunzi, mitima ya ife akuluakulu inali mbee. Tinayamba kusekana, a Mwale akukana kuti sanathawe, ati anapita kukaona ngati matayala a galimoto ali bwino. Amake Dominic anafunsa kuti nanga chimanga chawo achitchinjiriza ndani, ndipo a Tereza anawalonjeza mwana wa mphaka. Fungo la nkhuku linali litayamba kufika kuchokera ku kicheni. Ndinaimirira, ndinakonza jekete lonyowa lija, n'kulengeza kuti mlandu watha, panalibe wolakwa, kanali kachinthu chabe. A Mwale anavula chipewa kuti atseke ndi pemphero.

"Domi."

Anali Veronica. Sananong'oneze azakhali. Analankhula yekha, ali chogwada pomwepo, ndipo mawu ake anamveka bwino lomwe, ngakhale kwa a Mwale.

"Ninakuuza. Ninakuuza kambili, nalila, wenze uniyangana chabe. Lelo ba malume baleta mashini, wakhulupilila mashini. Sembe sibanabwele nayo, lelo sembe nagona kuti?"

A Tereza anamugwira mkono kuti akhale chete, iye anauchotsa mwaulemu. Ine ndinayang'ana Dominic, ndikumupempherera mumtima kuti apeze bodza labwino. Mwanayo ali ndi zofooka zake, koma kunama sadziwa.

"Ku Palabana," anayankha motsitsa.

Veronica anagwedeza mutu. "Ndiye kwamene niyenda. Sinikana chikwati. Koma ukanifuna ubwele weka unitenge. Osati na ba malume, osati na mashini."

Analowa m'nyumba muja, mmene tsopano munalibe chomubaya m'makutu, natuluka ndi chikwama chaching'ono. Anagwada, natsanzika aliyense wa ife mmodzimmodzi, kuyambira apongozi ake. A Tereza anaimirira, namulanda chikwamacho kuti anyamule iwo, ndipo ndinaona kuti maso awo anali ofiira. Anapita kukadikira minibasi kumsewu. Nkhuku ija tinadya ndithu, poti inali itaphedwa kale.

Mmene ndikulemba pano Veronica akadali kwawo. Dominic amatseka chigayo dzuwa likadalipo, amasamba, amakwera njinga kupita ku Palabana. Anandiimbira kufunsa kuti akanene chiyani akafika. Ndinayamba kumukonzera mawu okoma, a unkhoswe, oyamba ndi kuthokoza makolo, koma ndinakumbuka kuti Veronica anandiletsa kulowererapo. Ndinangomuuza kuti agule zotsekera makutu za kuchigayo, asunge otsalawo, chifukwa akawafuna kwambiri kumene akupitako. Akuti amakhala pakhonde, mkazi wake amalankhula, iye amamvetsera. Zina mwa zimene akumva, akuti, n'zakale kuposa kachinthu ka makoswe kaja, ndipo nazonso anauzidwapo.

Nanga kwanuko? Ndani amene wakhala akukuuzani kuti pali china chikulira, inu n'kumamuyankha kuti inu simukumva kanthu?